Mabotolo a Alendo

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa amene akhala akundiyendera chiyambire kudwala miyendo. Amayi anu ankaidziwa, koma anapita nayo kumanda. Amalume anu a Mtonga, amene inu mumawatchula kuti asibweni, nawonso anapita. Ndatsala ndekha, ndipo ndatopa kuisenza. Inu ana anga munakula mukudziwa kuti mu 1995 boma linandisamutsira kuchigwa, inu n'kutsala m'manja mwa asibweni anu kuti musasiye sukulu. Zimenezo n'zoona, koma chifukwa chake simunauzidwe. Amene wandiutsa kuti ndilembe ndi Tawonga, mdzukulu wanga amene akuphunzira za mankhwala ku Lusaka. Pa tchuthi chapitachi anabwera ndi timipira tapulasitiki ndi timitengo tolumikizira. Anamanga kamphete ka ngodya zinayi, timipira titatu takuda ndi kamodzi kabuluu, nati, "Agogo, masiku ano opanga mankhwala akufunafuna timphete ting'onoting'ono totele, ta ngodya zitatu kapena zinayi. Amamangila mankhwala atsopano ngati njelwa." Ankayesa akundiuza zachilendo. Ine ndinakalandira kampheteko, n'kumangokayang'anitsitsa, mpaka mwanayo anafunsa ngati ndamwa mapiritsi anga. Kamphete kameneko ndinakadziwa amayi ake akadali ku pulayimale, ndipo ndi kamene kanandilekanitsa ndi inu.

1990: Tsache ndi sipoko ya njinga

Za ubwana wanga palibe zambiri zolemba. Ndinaweta ng'ombe za atate mpaka mawu anasintha, ndipo nditalowa kalasi yoyamba ndinali wamtali kuposa aphunzitsi. Manyazi anandithamangitsa ndisanafike patali. Ndinalima fodya, ndinakwatira amayi anu NyaMtonga, ndipo giredi naini ndinadzaimaliza kusukulu ya madzulo ndili ndi ana anayi ndi imvi zoyamba. Ntchito yanga yoyamba ya boma ndinaipeza mu 1990 pa kachipatala ka kumudzi, kum'mawa kwa Lundazi, kufupi ndi malire a Malawi. Dzina lake sinditchula, chifukwa amene akugwirako ntchito lero alibe mlandu. Anandipezera malowo ndi alamu anga a Mtonga, mlongo wawo wa amayi anu. Iwo anali kiliniko ofisa, mkulu wa pamalopo, ndipo anthu onse ankangowatchula kuti adokotala. Tsiku loyamba anandipatsa tsache nati, "Alamu, ng'ombe zija munalowolela mlongo wanga zinali zoonda. Zotsalazo mulipila na tsache ili." Ndinaseka, ndinasesa. Anatipatsa nyumba ya malata kuseri kwa chipatala, yoyamba imene amayi anu anagonamo osasuntha mphasa mvula ikamagwa. Zonsezo zinachokera kwa a Mtonga, ndipo sindinaiwalepo.

Musaganize kuti anali munthu woipa. Ndinawaona akuyenda wapansi m'matope kukathandiza mayi amene kubereka kunamuvuta. Ndinawaona akugula palafini wa firiji ndi malipiro awo. Anali ndi mutu wakuthwa, ndipo ankakonda kuphunzitsa kuposa kudya. Ataona kuti ndimaima n'kumawerenga zolembedwa pa mabotolo m'malo mosesa, anandichotsa pa tsache n'kundiika pawindo loperekera mankhwala.

Penisilini wa ana ankabwera ali ufa wouma m'mabotolo ang'onoang'ono. Mayi akabwera ndi mwana wa chifuwa, unkathira madzi owiritsa mpaka pa mzere wa botolo, n'kukhutchumula, ufa uja n'kusanduka madzi apinki otsekemera. Tsiku lina ndinafuna kuchenjera. Poona kuti Lolemba kumadzaza anthu, ndinati ndisungunuliretu mabotolo onse Loweruka kuti ntchito idzayende msanga. Ndinali ndisanathire madzi m'botolo loyamba pamene a Mtonga anandigwira dzanja.

"Mukuchita chani, alamu? Mufuna kundiphela mankhwala?"

"Mankhwala amafa, adokotala?"

"Khalani pansi, mwe. Bweletsani sipoko zija zothyoka za njinga yanu."

Anatenga pulayala n'kupinda sipoko imodzi kukhala kamphete ka ngodya zisanu ndi imodzi. Anati mankhwala alionse, tikanakhala ndi maso otha kuona, ndi tinthu ting'onoting'ono togwirana manja, ndipo kawirikawiri timagwirana mozungulira ngati mphete. Ya ngodya zisanu ndi imodzi imakhala phee, palibe chikuipweteka. Kenaka anapinda ina ya ngodya zinayi, akuchita kukakamiza, waya akufuna kuwongoka.

"Gwilani apa. Mwamva mmene ikukankhila? Iyi ndiye ili mumtima mwa penisilini. Ni msampha wotchela kale. Kachilombo kakamamanga khoma lake, kamagwila kamphete aka poyesa njelwa. Msampha fwamphu! Dzanja lagwidwa, khoma lagwa, kachilombo kaphulika. Manje mvelani. Msampha sudziwa kuti aka ni kachilombo, awa ni madzi. Mukathila madzi, timisampha timayamba kufwamphuka tokha pang'onopang'ono. Kukatentha, msangamsanga. Pakapita sabata kopanda filiji, mwatsala na madzi a shuga. Mtundu ulipo, kutsekemela kulipo, mankhwala kulibe. Ndiye chifukwa chake amatumiza ufa. Botolo limodzi, mwana mmodzi, tsiku lomwelo. Mwamva?"

Ndinamva. Munthu amene wayamba sukulu mochedwa sataya chimene waphunzitsidwa, amachisunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Chaka chotsatira ananditumiza ku Chipata ku kosi yaifupi ya operekera mankhwala, ndipo aphunzitsi kumeneko ananena zomwezo ndi mawu aatali a Chingerezi. Anzanga ankalemba thukuta lili kamukamu. Ine ndinkangoona sipoko.

1992 mpaka 1994: Mashelefu

Kenaka kunabwera chilala cha 1992, ndipo pambuyo pake zinthu sizinabwererenso m'malo. Bokosi la mankhwala limene linkafika mwezi ndi mwezi linayamba kulumpha miyezi. Palafini anasowa, firiji n'kusanduka mosungira thonje. Wailesi yoitanira ambulansi inafa batire, ndipo palibe anabwera kudzaiona. Pamwamba pa izo kunabwera lamulo lakuti odwala azilipira. Wopanda ndalama ankabwera ndi chitini cha chimanga kapena nkhuku. Tsono munthu amene wasiya nkhuku yake pakhomo sangavomere kubwerera ndi mawu okha akuti kamwetseni mwana madzi ambiri. Amene anapanga lamulolo anali kutali. Pawindo panali ine. Mkulu wina, atamva kuti mankhwala a mdzukulu wake kulibe, anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Adada, nkhuku yanga ndaiona yalowa. Kapena ndiyo yamwa mankhwalawo?" Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Ena sankaseka. Ndinatukwanidwa m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja, ndipo ena anakumbukira ngakhale Chingoni cha agogo awo chifukwa cha ine.

Akuluakulu a ku boma ankabwera ndi galimoto yoyera, yoyendera mafuta omwe aja ankati kulibe tikapempha ambulansi. Ankafika dzuwa litakwera, kudya nkhuku, kuyang'ana mashelefu, n'kupita. Mmodzi wa iwo, wamimba, amene sindimutchula, anapeza shelefu ya penisilini ili pululu, ndipo anakalipira a Mtonga pamaso pa amayi a sikelo. "Malile ali pafupi, eti a Mtonga? Mankhwala a boma awoloka? Zipatala zina stoko siikutha, imwe chabe!" Bokosi linali lisanafike miyezi ingapo, ndipo amene sanalitumize anali iye yemweyo. A Mtonga anaima manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, akungoti inde bwana, inde bwana. Munthu amene anabereketsa theka la amayi amene anali pamenepo! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira. Munthu akhale mu ofesi ya fani, asakutumizire mankhwala, kenaka abwere kudzakutcha wakuba chifukwa ulibe mankhwala. Ngati pali amene anayamba zonse zimene ndikulembazi, ndi ameneyo, ndipo iye anapuma ntchito mwaulemu, anamuimbira ndi kwaya.

Kuchokera tsiku limenelo a Mtonga anasintha. Bokosi likafika, ankapatula mabotolo angapo a mtundu uliwonse n'kuwatsekera m'kabati ya mu ofesi mwawo, pa loko. Tinkawatchula kuti mabotolo a alendo. Mukukumbukira mbale zija zamaluwa zimene amayi anu ankasunga, zimene inu simunadyerepo? Zinali chimodzimodzi. Tikamva kuti galimoto yoyera ikubwera, ndinkawapukuta fumbi n'kuwandandalika pa shelefu, zolembedwa zikuyang'ana kutsogolo. Alendo akagwedeza mitu n'kupita, mabotolo ankabwerera m'kabati. Ndinadzamva pambuyo pake kuti sitinali tokha, zipatala zija zosatha stoko zinkachita zomwezo. Ndipo nzeruyo inagwira. Dzina la a Mtonga linayamba kumveka bwino, mpaka kunamveka mphekesera yakuti adzawakweza n'kuwasamutsira ku boma, kumene kunali magetsi ndi sekondale. Anandilonjeza kuti akadzapita adzanditenga, kuti inu mudzaphunzire pafupi. Amayi anu anayamba kale kusoka makatani a nyumba imene sanaione.

Okutobala 1995: Ndowa ya buluu

Mwezi umenewo dzuwa linkawotcha mpaka malata ankathetheka ngati mbuliwuli. Jekeseni wa penisilini anali atatha kalekale, mabotolo a ufa a pawindo atatsala ochepa, ndipo fumbi linali litabweretsa chifuwa m'midzi yonse. A Mtonga anandituma ku boma kuti ndikadikire bokosi, ndibwere nalo pa njinga ngati galimoto palibe. Ndinakhalako masabata awiri n'kupitirira, ndikugona kwa msuweni wanga. M'mawa uliwonse ndinkakhala pa benchi kunyumba yosungira mankhwala, kalaliki n'kundiuza kuti, "Bwelani mailo, mudala." Mawa lake, mawu omwewo. Masana ndinkayendayenda pa Msika wa Lundazi, ndipo kumeneko ndinaona makapisozi ofiira ndi akuda atayalidwa pa thumba, pakati pa tomato ndi kapenta, padzuwa lonse lija, akugulitsidwa awiriawiri. Kumene ankachokera sindikudziwa, ndipo sindinamizira munthu. Ndinabwerera ndi katoni ya thonje ndi mabandeji.

Nditafika ndinapeza anthu ambiri koma achete, palibe wotukwana. Ndinadabwa. Amayi ankachoka akumwetulira, aliyense ndi kabotolo kake kochokera kunyumba, ka mafuta ophikira, ka zakumwa, kodzaza madzi apinki. Nditalowa m'chipinda changa ndinapeza a Mtonga akutsanzikana ndi mayi womaliza wa m'mawawo, kapu ili m'manja. Pa tebulo panali ndowa ya buluu, ija tinkasungiramo madzi akumwa. Ndinavundukula. Mtundu unali wofuwa ngati nsalu yochapidwa kambiri, ndipo munkatuluka fungo lowawasa.

"Mwabwela, alamu? Bokosi lili kuti?"

"Kulibe, adokotala. Thonje chabe. Ichi n'chani?"

"Mukuona ngati mowa? Ni penisilini."

"Munasungunula liti?"

"Tsiku lija munapita."

"Mabotolo aja anali ochepa. Ndowa yonseyi yadzala bwanji?"

"Chitsime sichinaume," anatero, maso ali pawindo.

Ndinatseka chitseko. Ndinangoyamba kuti msampha uja, iwo n'kundidula.

"Musandiuze za msampha, ndine ndinakuphunzitsani. Muyesa ndaiwala? Ana ambili apa ni chimfine chabe, achila okha. Mayi akabwelela chimanjamanja, apita kumsika kukagula makapisozi a padzuwa, kapena kwa sing'anga kukatemela mwana mphini pachifuwa. Bola azibwela kuno ndizimuona mwanayo. Imwe munali ku boma mukudya mabanzi. Amene anatsala na anthu awa ndine."

Mawu amenewo anali ndi choonadi chake, n'chifukwa chake anandipweteka. Ndinafunsa kuti, "Nanga amene si chimfine?"

Yankho linabwera lokha masana omwewo. Anafika mayi wina, Nabanda, wochokera ku Kasungu. Iye ndi mwamuna wake anali matenanti pa munda wa fodya wa munthu wina, ulendo wa theka la tsiku wapansi. Anamasula mwana kumsana, kamtsikana kongoyamba kuyenda, dzina lake Esinati. Thupi linali lotentha ngati mbaula, timphuno tikutukuka, nthiti zikulowa mkati pa kupuma kulikonse. Sipankafunika sukulu kuti udziwe kuti ndi chibayo. Mayiyo anatulutsa kabotolo kopanda kanthu n'kukaika pawindo ndi manja awiri.

"Bambo, ndinabwera sabata yatha, adokotala anandipatsa. Ndamwetsa monga ananenera, m'mawa, masana, madzulo, sindinalumphepo. Koma mwana akungoipiraipira. Kapena ndine ndikulakwitsa kamwetsedwe?"

Funso limenelo ndimalimvabe. Mayi ayende theka la tsiku ndi mwana kumsana kudzafunsa ngati wolakwa ndi iye! A Mtonga anamupima mwanayo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anati apite naye ku chipatala chachikulu ku boma. Nabanda anagwada. Anati chitupa cha kuno alibe ndipo amaopa apolisi a pamsewu, mwini munda sangapereke ngolo masiku othirira nazale, ndipo ngakhale atalimba mtima, minibasi yotsatira inali ya Lachisanu. Tsikulo linali Lachiwiri.

"Mudzazileni," anatero a Mtonga, akuloza ndowa ndi chibwano, n'kulowa mu ofesi. Ndinawatsatira n'kuwapempha.

"Alamu, m'kabati muli mabotolo ouma. Ndipatseni limodzi chabe."

"Alendo abwela Lachinayi. Ni ulendo womaliza asanasankhe wopita ku boma. Mabotolowo ni ochepa kale. Ndikachotsa limodzi lelo, mailo abwela wina, mkucha wina. Mudzawakaniza ndimwe? Pofika Lachinayi shelefu pululu, ine ndine wakuba, imwe na ana anu mudzakalambila muno m'thengo. Alendo akangopita, botolo loyamba ni lake."

"Mwana uyu safika Lachinayi."

"Ndimwe Mulungu?"

"Ndine wa tsache amene munamuphunzitsa."

"Ehe, wa tsache. Musaiwale." Anaika makiyi m'thumba n'kupita kunyumba kwawo.

Ndowa sindinaikhudze. Ndinamuuza Nabanda kuti asabwerere kumunda, agone m'khitchini mwathu, ndipo ndinamupatsa kachidutswa ka piritsi loziziritsa thupi. Madzulo, inu mutapita kukatunga madzi, ndinawauza amayi anu zonse. Anamvetsera akusenda nshawa, osadzutsa mutu. Kenaka anandiitana ndi dzina la mwana wathu woyamba, monga ankachitira nkhani ikakhala yolemera.

"Ndiye mufuna kuchita chani, awiske Lusungu?"

"Sindidziwa."

"Mudziwa. Nkhope yanu ndiidziwa ine. Nyumba iyi ni ya alongo anga. Ntchito ni ya alongo anga. Yunifomu ya Lusungu anagula ndiwo. Mukawachititsa manyazi pamaso pa boma, tidzayang'anana bwanji pa malilo, pa ukwati?"

Kukhitchini kunkamveka kupuma kwa mwana uja, ngati munthu akucheka thabwa lonyowa ndi sowo yobuntha. Amayi anu anasiya lichero n'kupita kukamuona, ndipo anakhalako nthawi. Pobwerera ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Chitani chimene muchite," anatero. "Koma ana anga asadzamve kuti asibweni awo anachita izi. Mundilonjeze."

Ndinalonjeza. Ndinasunga lonjezolo onse awiri ali moyo, ndipo lero ndaliphwanya. Mulungu ndi amayi anu andikhululukire.

Pambuyo pake

Zotsatira zake mukuzidziwa mbali imodzi. Alendo anabwera Lachinayi ndipo sanakondwe ndi zimene anapeza. Panafunika wolakwa, ndipo wolakwayo anali ine. A Mtonga za ndowa sananene, inenso sindinanene. Wamimba uja anandifunsa ngati ndikudziwa kuti katundu wa boma sakhudzidwa popanda chilolezo. Ndinafuna kumufunsa kuti ana a m'midzi ija ndi katundu wa yani, koma ndinangoti inde bwana, monga aliyense. Anandichotsa pawindo, anandibwezera pa tsache, n'kunditumiza ku kachipatala ka kuchigwa kumene msewu unkatsekeka mvula ikayamba, sukulu n'kuthera giredi seveni. Kumeneko ndinakhala mpaka kupuma ntchito. A Mtonga anachedwa chaka chimodzi, koma ku boma anapitabe. Anakutengani nonse, anakudyetsani, anakuphunzitsani ngati ana awo, ndipo pa zimenezo ndimawathokoza ndi mtima woona. Koma ine ndi iwo sitinasekenso limodzi. Pa maliro tinkapatsana moni, monile alamu, yewo alamu, basi.

Esinati anachira. Ndinadzakumana ndi amayi ake pamsika chaka chotsatira, kamwanako kakuthamangitsa nkhuku za eni ake. Za ana ena amene anamwa za m'ndowa ija masiku amene ndinali pa benchi ku boma, palibe anafunsa, ndipo palibe adzadziwe. Chimene chimandilemera ine n'china. Inu munakula mukuthamangira kwa munthu wina mukakhoza mayeso. Iwe Lusungu, tsiku la ukwati wako unayang'ana kaye kwa asibweni ako usanayankhe abusa, ndipo sindinakuimbe mlandu. Ndinasankha mwana wa mlendo, ndipo amene analipira ndinu, osafunsidwa. Ndayesa kwa zaka zambiri kumva chisoni ndi chisankhocho, koma chimene chimabwera ndi mkwiyo basi. Chifukwa chiyani munthu asankhe pakati pa ana ake ndi mwana wodwala, mankhwala ali m'kabati, akudikira kuonedwa ndi anthu osadwala?

M'mawa wa Lachitatu lija, alendo asanabwere, zinayenda chonchi. Ndinadzuka kutangoyera, ndinawiritsa madzi m'ketulo n'kuwaika pawindo kuti azizire. Anthu anali asanayambe kufika. Ndinanyamula ndowa ya buluu kupita nayo kudzenje la zinyalala kuseri, ndinakhuthula yonse, n'kukwirira ndi dothi kuti wina asaone mtundu. Kenaka ndinatenga kasemasema wanga, ndinalowa mu ofesi ya a Mtonga, ndinalowetsa mpeni wake kuseri kwa chitsulo cha loko n'kukanula. Thabwa linang'ambika ndi phokoso limene linamveka mpaka kunyumba. Ndinatenga botolo limodzi, ndinathira madzi, ndinakhutchumula, n'kuitana Nabanda kuti abwere ndi mwana pa benchi.

A Mtonga anafika atavala patapata, thaulo lili paphewa. Anayang'ana kabati, anayang'ana ndowa imene inali chafufumimba pakhomo, anayang'ana ine.

"Alamu, mwadzichotsa ntchito mwekha."

"Ndamva, adokotala."

Esinati ankapotoza mutu ndi kulavula. Ndinayesa kumumwetsa ndi supuni, mankhwala akuyenderera pachibwano. A Mtonga anaima akuonerera, mpaka sanathenso kupirira.

"Madzi munawilitsa?"

"Ndinawilitsa."

"Mpaka pa mzele?"

"Pa mzele."

"Mukutaya, mwe! Manja a fodya awa. Patseni kuno."

Anakhala pa benchi, anamuika mwana pamwendo, anamupendeketsa mutu, n'kumathira pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya mpaka kamwanako kanameza. Ine sanandiyang'anenso. Kunja kunali kutayamba kumveka kutsokomola kwa ana ndi mawu a amayi akupatsana moni. Ndinabwerera mu ofesi, ndinatenga mabotolo onse otsala, ndinawandandalika pawindo pambali pa ketulo, n'kutsegula kuti mayi woyamba abwere.